Musanaike matayala a mano a ng'ona pa pikapu yanu

Pali mapikapu ena amene amamveka asanaoneke. Umangomva "wuuuu" kuchokera patali ngati njuchi zikusamuka, kenako Hilux kapena Ranger n'kutulukira pakona, matayala ake mano akuluakulu ngati a thalakitala. Mwini wake ali phee mkati, malaya ositidwa bwino, akuthamangira ku ofesi. Mukaifunsa galimotoyo kuti matope enieni idawaponda liti, ikhoza kukuuzani kuti ndi Khirisimasi yapitayi, ulendo wa kumudzi uja.

Sindikunyoza ayi. Matayala amenewo amakongoletsa galimoto, ndipo aliyense amene wavutikira pikapu yake amafuna kuti ikaima izipatsa ulemu. Koma mvula ikamayandikira, anthu ambiri amayamba kufunsa za matayala, ndipo funso limabwera litakhota kale: "Ndi ati amene sakanirira m'matope?" Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina. Kodi galimotoyi imakhala pamsewu wanji masiku ambiri?

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Mumakhala ku Area 25 kapena ku Machinjiri, ndipo kupita ndi kubwera kuntchito mumayenda makilomita 30 patsiku, masiku 22 pamwezi. Amenewo ndi makilomita 660 pamwezi, pafupifupi 8,000 pachaka, osawerengera za Loweruka, maukwati ndi maliro. Kumudzi mumapitako kawiri pachaka, ndipo chigawo choipa chenicheni, pochoka patara kukafika pakhomo pa agogo, ndi makilomita 10. Kupita ndi kubwera kawiri, ndi makilomita 40. Ndiye kuti mukufuna kugula tayala la makilomita 40, n'kulipirira pa makilomita 8,000 enawo. Kulipirako si ndalama zokha ayi, tifika pamenepo.

Zilembo ziwiri zimene ogulitsa amakonda kutchula

Pambali pa tayala la pikapu, kapena m'dzina lake, mumapeza zilembo monga H/T, A/T kapena M/T. La H/T ndi la patara. Ndi limene mapikapu ambiri amabwera nalo kuchokera kufakitale: mano ake ndi ang'onoang'ono, oyandikana, limayenda mwakachetechete ndipo silidya mafuta ambiri. La M/T ndi la m'matope, lija la mano a ng'ona. Pakati pa awiriwa pali A/T, kutanthauza All-Terrain, limene adalipanga kuti lizitha zonse ziwiri, ngakhale silipambana pa chilichonse. Mtundu umenewu si wadzana. Kampani ya BFGoodrich idatulutsa tayala lake la All-Terrain T/A mu 1976, ndipo mdzukulu wake, KO2, amene adatuluka mu 2014, ndi lija mumaliona pamagalimoto ambiri a mabungwe ndi a alendo okaona nyama, la zilembo zoyera m'mbali.

Chimene chimapangitsa M/T kukhala katswiri m'matope ndi mipata ikuluikulu ya pakati pa mano. Tayala likamazungulira, matope amene alowa m'mipatamo amataika, ndiye dzino lililonse limafika pansi lili loyera, n'kuluma. A/T mipata yake ndi yopapatiza. Mukalilowetsa m'makande, dothi lakuda lomata lija la m'madambo ndi ku Chigwa cha Shire, silichedwa kudzaza, limasanduka lozungulira losalala ngati donasi, n'kumangopota pamalo amodzi. Pamenepo M/T yawina, palibe kutsutsa.

Koma mipata yomweyo ndi imene imakulangani patara. Tayala lililonse limagunda pansi ndi kachigawo kongofanana ndi chikhato chanu. Galimoto yolemera matani awiri, inu, ana kumbuyo, zonsezo zatsamira pa zikhato zinayi. Pa M/T gawo lalikulu la chikhatocho ndi mphako, labala amene akukhudza msewu ndi wochepa. Kuwonjezera apo, yang'anitsitsani dzino la H/T kapena la A/T yabwino, muona timizere ting'onoting'ono ngati tochekedwa ndi lezala. Ntchito yake ndi kupukuta kamadzi kamene kamakhala pakati pa labala ndi tara. Ma M/T ambiri timizere timeneti ali nato tochepa, ena alibiretu. Zotsatira zake, pa tara yonyowa galimoto imatenga mtunda wotalikirapo kuti iime.

Apa m'pamene ndimafuna tizilankhula moona. Ngozi imene ikudikira pikapu ya m'tauni si kutitimira m'dambo. Ndi kabaza amene wakhota mwadzidzidzi pa Chinsapo mvula ikuwaza, mbuzi yodumphira mumsewu pa M1, minibasi yoima popanda chizindikiro. Mukakanirira m'matope mumataya maola awiri, nsapato, ndi kandalama kopatsa anyamata okankha. Mabuleki akachedwa ndi mamita awiri okha pa tara yonyowa, nkhani yake imakhala ina. Ndipo kumbukirani kuti pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, pomwe ndi matayala akumbuyo amene amaikankha. Mvula yoyamba ikagwa, fumbi ndi mafuta a pamsewu zitasakanikirana, kumbuyoko sikuchedwa kutsetsereka pa raundabauti.

Kenako pali phokoso lija. Tsiku loyamba limakoma, mumamva ngati muli pa ndege. Yendani nalo kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, makilomita opitirira 300, mudzafika pa Zalewa mutu ukugunda, wailesi mwaikweza mpaka kumapeto. Choipa china n'chakuti mano a M/T akayamba kudyeka mosiyana, phokoso limakula, ndipo limabisa maphokoso ena amene mukadafuna kuwamva msanga, monga a chitsulo chimene chayamba kutha kumawilo. Mafuta nawonso amapita. Tayala lolemera, la mano amene amapindika nthawi iliyonse akagunda pansi, limafuna mphamvu zambiri kuti ligubuduke. Dziko lino tikudziwa kufola pamzere usiku wonse chifukwa cha dizilo, ndiye lita iliyonse ili ndi nkhani yake.

Alipo amene M/T ndi yawodi. Mlimi amene munda wake uli kuseri kwa dambo, mlangizi wa zaulimi kapena wazaumoyo amene January ndi February amathera m'misewu ya m'midzi, woyendetsa ambulansi ya chipatala chakutali ndi tara, wogula mbewu amene amalowa kumene malole amakana. Kwa iwowa tara ndiye mlendo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, gulani M/T ndi mtima umodzi, kungoti muzichepetsa liwiro mukakwera patara kukagwa mvula. Enafe, amene moyo wathu ndi tara yokumbika, msewu wafumbi wa kumalo kumene tikumanga, ndi ulendo wa kumudzi apo ndi apo, A/T yabwino ndi yokwana. Ndipo ngati galimoto yanu siichoka m'tauni n'komwe, palibe manyazi kubwezeretsa H/T yomwe idabwera nayo.

Chinanso chimene ogulitsa sanena: tayala silisandutsa pikapu ya 4x2 kukhala 4x4. Mapikapu ambiri amene ali m'misewu yathu amakoka ndi kumbuyo kokha. Wilo limodzi likayamba kupota m'matope, linzake limangoima, kaya mano ndi aakulu bwanji, pokhapokha galimotoyo ili ndi batani lokhomera difu. Nthawi zambiri matumba awiri kapena atatu a mchenga oikidwa pamwamba pa mawilo akumbuyo amathandiza kuposa mano. Mumchenga wa kunyanja ndiye M/T imatha kukupusitsani, chifukwa imakumba m'malo moyandama, n'kudzikwirira yokha mpaka difu kugunda pansi.

Mdani weniweni ali m'mbali

Funsani aliyense wokonza matayala m'mbali mwa msewu kuti matayala a pikapu amafa bwanji. Ambiri safa chifukwa mano atha. Amafa chifukwa cha dzenje la patara limene mwaligunda usiku pa liwiro, kapena mwala wakuthwa umene wang'amba m'mbali. Tayala likabooka pa mano, amalimata n'kupitiriza ulendo. Likang'ambika m'mbali kapena likatupa ngati chithupsa, latha basi, ngakhale litagulidwa dzulo. Chotupacho chimatanthauza kuti ulusi wa mkati waduka, ndipo chimene chikugwira mpweya ndi labala yekha. Wina akakuuzani kuti aika chigamba chachikulu mkati muziyenda, dziwani kuti akukugulitsani bomba.

Choncho amene amayenda misewu ya miyala, monga wa ku Nyika kuchokera ku Rumphi kapena wa Golodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba, ayang'ane kulimba kwa mbali asanayang'ane kukula kwa mano. Apa m'pamene zilembo LT zimalowa. Tayala limene nambala yake yayamba ndi LT, kapena yathera ndi C monga 205R16C ya mapikapu a ntchito, lidapangidwa molimba kuti lizinyamula katundu. Ogulitsa amati "la 6 ply", "la 8 ply", "la 10 ply". Masiku ano manambala amenewa satanthauza kuti mulidi nsalu 8 kapena 10 mkatimo, ndi muyeso chabe wa mphamvu wotsalira kuyambira kale, ndipo pa tayala amaulemba ndi zilembo C, D ndi E. Kuti mudziwe zimene zilimodi, werengani timalemba ting'onoting'ono ta m'mbali, pamene adalemba kuchuluka kwa nsalu za pa mano ndi za m'mbali. Ena ali ndi ziwiri m'mbali, ena zitatu.

Koma musathamangire 10 ply poganiza kuti kuchuluka ndiye ubwino. Tayala la E pa double cab imene imanyamula ana ndi zogula za ku msika limauma ngati gudumu la ngolo. Kabampu kalikonse kamafika kumsana, ndipo pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana aja, kumbuyo kumangodumphadumpha. Limalemeranso, ndipo limafuna mpweya wochulukirapo kuti linyamule katundu yemweyo amene tayala wamba likadanyamula ndi mpweya wochepa. Kwa galimoto ya tsiku ndi tsiku, C kapena D ndi malire abwino, ndipo ma A/T ambiri opanda LT amachita bwinobwino ngati miyala si chakudya chanu cha sabata iliyonse.

Nkhani ya mbali imakhudzanso marimu. Tengani saizi imene ili pa ma double cab ambiri, 265/65R17. Nambala 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi, ndipo 65 ikunena kuti kutalika kwa mbali ndi 65 peresenti ya 265, amene ndi mamilimita 172. Ameneyo ndiye khushoni wanu pakati pa dzenje ndi chitsulo. Mukasintha n'kuika marimu onyezimira a mainchesi 20 ndi tayala la 265/50R20, khushoni uja watsika kufika pa mamilimita 132. Pa misewu ya ku Dubai palibe vuto. Pa yathuyi, masentimita anayi amenewo ndi amene amasiyanitsa kungomva "gu!" ndi kuima pambali rimu itapindika.

Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ina ndi chilembo, mwachitsanzo 112S. Anthu ambiri saiyang'ana n'komwe, chonsecho ndiyo yofunika kwambiri kwa wonyamula katundu. 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120 likapopedwa mokwanira. 110 ndi 1,060, pomwe 121 ndi 1,450. Musawerengere matayala anayi, chifukwa katundu wa pikapu amatsamira kumbuyo. Matumba 20 a chimanga kapena a feteleza ndi tani yathunthu, ndipo pafupifupi yonseyo yakhala pa matayala awiri amene anyamulanso theka la galimoto. Lamulo ndi losavuta: nambala imeneyi isatsike kuposa imene opanga galimoto adalemba. Chilembocho ndi liwiro. Q ndi makilomita 160 pa ola, S ndi 180, T ndi 190, H ndi 210. Palibe amene akuyenera kufika kumeneko pa M1, koma chilembocho chimakuuzaninso mmene tayalalo limapiririra kutentha, ndipo amene adatsikapo ku Chikwawa mu October akudziwa kuti tara imatha kupsa bwanji.

Nanga zokweza saizi? Ndi chiyeso chachikulu, makamaka mukaona mnzanu waika 285/70R17 galimoto n'kuoneka ngati ya asilikali. Masamu ake ndi awa. Tayala la 265/65R17 ndi lotalika mamilimita 776. La 265/70R17 ndi 803, ndipo la 285/70R17 ndi 831, kutanthauza kuti lakula ndi 7 peresenti. Galimoto siidziwa kuti mwasintha, imawerengabe ngati kale. Liwiro lenileni limakwera ndi 7 peresenti pa limene mumazolowera pa nambala yomweyo, ndiye pamene kale munkadutsa bwinobwino pa kamera ya apolisi, tsopano mukuimitsidwa n'kumakangana. Makilomita amene galimoto ikulemba amachepa, ndiye ngakhale kawerengedwe kanu ka mafuta ndi ka sevisi kamasokonekera. Magiya amakhala ngati atalika, ponyamuka pamtunda ndi katundu klatchi imavutika, mabuleki amagwira ntchito yoposa, ndipo mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto tayala limakhula. Sipeya yaikuluyo nthawi zina siilowanso pamalo pake pansi pa bodi. Kukwera kumene mwapeza pansi pa difu ndi mamilimita osakwana 30. Kwa ine malonda amenewo ndi oluza, pokhapokha mukudziwa mwala weniweni umene mukufuna kuudumpha.

Tsiku lobadwa la tayala

Kuyambira pamene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa tayala latsopano umachititsa munthu kukhala pansi kaye. Matayala athu amachokera kunja, ku South Africa, ku China, ku Thailand, ku India ndi kwina, ndiye dola ikasowa mitengo imauluka. N'zosadabwitsa kuti matayala a kaunjika ali ndi msika. Sindingauze munthu amene alibe ndalama kuti aimike galimoto, koma pali zinthu zimene muyenera kuziona ndi maso anu, osati kumva kwa wogulitsa.

Choyamba ndi tsiku. Pambali pa tayala fufuzani zilembo DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo pali manambala anayi, nthawi zambiri m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2322 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 ya 2022. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, lisiyeni likhale mpando kapena chodzalamo maluwa. Labala amakalamba ngakhale asakugwira ntchito, amauma, ndipo dzuwa lathuli limafulumizitsa. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akuoneka abwino. Izi zikukhudzanso tayala "latsopano" la m'sitolo. Likhoza kukhala lisanapondepo pansi koma litagona m'nyumba yosungira katundu zaka zinayi. Ndipo zikukhudza galimoto imene yangofika kumene kuchokera ku Japan kapena ku UK kudzera pa Songwe kapena pa Mwanza: mano ali bwino, koma onani chaka. Zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, a labala wofewa, amene pa tara yotentha amatha ngati sopo.

Kenako lowetsani dzanja mkati, muyendetse chikhato kuzungulira konse. Mukusaka zigamba, makamaka za pafupi ndi mbali, ndi malo amene labala wa mkati wanyenyeka ngati ufa wakuda, chizindikiro chakuti tayalalo lidayendetsedwa lopanda mpweya. Pindani pang'ono m'mbali muone ngati pali ming'alu. Yang'ananinso pansi pa ngalande za mano. Pali akatswiri ena amene amatenga tayala lakutha n'kulisema ndi mpeni wamoto kuti mano aoneke akuya. Mumalizindikira chifukwa ngalande zake sizifanana, ndipo timabampu ta muyeso timasowa. Timabampu timeneti opanga amatiika m'ngalande pa mamilimita 1.6, ndipo mano akalingana nato ndiye kuti tayala latha. Kwa pikapu yoyenda m'mvula ndi m'matope, musadikire kufika pamenepo. A/T ikatsala ndi mamilimita 3 kapena 4, dzina lokha ndi limene latsala.

Pa za mayina, sindikuuzani kuti gulani lakuti. BFGoodrich, General Grabber, Dunlop Grandtrek, Goodyear Wrangler, Bridgestone Dueler, Yokohama Geolandar, Maxxis, onsewa ali ndi ma A/T amene anthu ayenda nawo mitunda, ndipo palinso a ku China otsika mtengo amene ena amachita bwino, ena ayi. Chimene ndingakuuzeni ndi choti muzifunsa: likang'ambika limodzi ndili ku Karonga kapena ku Nsanje, lofanana nalo ndikalipeza kuti, ndipo patatha masiku angati? Tayala labwino kwambiri limene lidabwera kontena imodzi yokha m'dziko muno lidzakusiyani ndi matatu ofanana ndi limodzi lachilendo. Pa 4x4 zimenezo si zabwino, chifukwa mawilo onse anayi amayenera kukhala a msinkhu umodzi mukalowetsa 4H. Apa matayala opangidwa pafupi, monga a Dunlop a ku fakitale ya ku Ladysmith ku South Africa, ndi a saizi yofala amakhala ndi mwayi.

Mavidiyo a pa YouTube ndi othandiza, koma muziona kumene akujambulira. Wa ku America akamayamikira tayala chifukwa lagwira bwino pa chipale chofewa, kapena akamaonetsa kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu, zimenezo si zathu, ku Dedza kumazizira koma osafika pamenepo. Oyesa a ku South Africa ndi ku Australia ndi amene misewu yawo ikufanana ndi yathu: miyala, fumbi, kutentha, mitunda italiitali. Ndipo samalani ndi munthu amene akuyamikira tayala limene waliika sabata yatha. Tayala lililonse latsopano limamveka bwino poyerekeza ndi lakutha limene lachotsedwa. Funsani amene wayenda nalo makilomita 30,000, makamaka madalaivala a mabungwe ndi a makampani, amene amaona matayala ambiri akubadwa ndi kufa. Matayala ena amabwera ndi chipepala cha malamulo a ku Ulaya chomatidwa pa mano, chosonyeza magiredi kuyambira A. Pa chipepalacho, chithunzi cha mtambo wa mvula ndicho giredi ya mabuleki ponyowa. Ngati chilipo, chiwerengeni musanachimatule.

Mpweya, chinthu chaulere chimene timachinyozera

Mukhoza kugula tayala lodula kuposa onse, koma mpweya ukalakwika mwataya ndalama. Muyeso woyenera suli pa tayala. Nambala ya pa tayala ija ndi malire, osati langizo. Muyeso uli pa kachipepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo pa mapikapu pamakhala miyeso iwiri, wopanda katundu ndi wa katundu. Kusiyana kwake kumbuyo kumakhala kwakukulu ndithu. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji yanuyanu, chifukwa za pomwetsera mafuta zina zidagwa kambirimbiri. Njira yomenya tayala ndi sipanala n'kumvera kulira kwake tiisiyire makondakitala.

Kuopsa kwa mpweya wochepa kuli ndi mbiri yake. Mu August 2000, kampani ya Firestone idaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America, a mitundu ya ATX ndi Wilderness AT, ambiri mwa iwo ali pa Ford Explorer. Mano ankasupuka galimoto ili pa liwiro, makamaka m'madera otentha, galimoto n'kugubuduzika, ndipo anthu oposa 200 adafa. Makampani awiriwo adalozana zala. Panali zolakwika pa kapangidwe ka matayalawo, komanso panali mkangano wa mpweya: Ford inkalangiza 26 psi pomwe Firestone idati pakufunika 30. Zitatha izi dziko la America lidakhazikitsa lamulo limene lidachititsa kuti magalimoto atsopano azikhala ndi kachipangizo kochenjeza mpweya ukatsika. Phunziro la sayansi yake ndi lomweli kulikonse: tayala lofewa limapindika kwambiri, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati. Ikani pamenepo matumba 20 aja ndi dzuwa la ku Salima.

Komabe kuchepetsa mpweya mwadala, pamalo oyenera, ndi chida champhamvu kuposa mano. Mumchenga wakuya, kutsitsa kufika cha m'ma 1.5 bar kumatalikitsa chikhato chija, galimoto n'kuyamba kuyandama pamene imakumba. Pamsewu wa miyala, kutsitsa pang'ono kumathandiza tayala kukumbatira mwala m'malo mobooledwa, bola liwiro litsikenso. Vuto ndi kubwerera patara osapopa. Choncho ngati mukufuna kusewera masewera amenewa, gulani kapampu kolumikiza ku batire kazikhala kuseri kwa mpando. Ndalama yake siifika ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi.

Mukaika matayala atsopano, chitani alayimenti ndi balansi tsiku lomwelo, ndipo ngati ndalama yakwana awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo. Ambiri amakana zimenezi, amati kutsogolo ndiye kuli chiwongolero. Koma kutsogolo kukatsetsereka mumamva m'manja n'kuchepetsa liwiro, pomwe kumbuyo kukatsetsereka galimoto imatembenuka musanaganize n'komwe. Muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, chifukwa mano a A/T ndi M/T akayamba kudyeka mopendekeka sabwereranso.

Ndipo kuti mudziwe ngati mudagula bwino, lembani. Tsiku loika, lembani mu foni makilomita a galimoto ndi kuya kwa mano, poyeza malo atatu: kunja, pakati ndi mkati. Kageji koyezera mano n'kotsika mtengo. Tiyerekeze kuti latsopano lili ndi mamilimita 12, ndipo patatha makilomita 10,000 latsala ndi 10.5. Ndiye kuti likudya 1.5 pa 10,000 alionse, ndipo kuti lifike pa 3 lidzakhala litayenda pafupifupi 60,000. Gawani mtengo wake ndi makilomita amenewo, mupeza mtengo weniweni wa tayalalo, umene mungaufanizire ndi wa lotchipa limene mnzanu akusintha chaka ndi chaka. Miyeso itatu ija imakuuzaninso matenda: likadyeka pakati mpweya wachuluka, likadyeka m'mbali zonse ziwiri wachepa, likadyeka mbali imodzi ndi alayimenti. Chitaninso chimodzimodzi ndi mafuta, thanki yodzaza kufika pa yodzaza ina, katatu musanasinthe matayala ndi katatu mutasintha.

Tayala lachisanu lija, limene lili pansi pa bodi, nalonso ndi la m'banja. Pa mapikapu ambiri limapachikidwa ndi tcheni chimene chimamwa matope chaka chonse, ndipo chikachita dzimbiri sichitsika, kapena chitsulo chotsitsira chidatsala kwa mwini wake woyamba. Loweruka likubwerali litsitseni muli pakhomo, muone chaka chake, saizi yake ngati ikufanana ndi anzake anayi, ndi mpweya. Pakani girizi pa tchenicho musanalikweze. Yesaninso jeke ngati ikufika, chifukwa amene adakweza galimoto kapena kukulitsa matayala nthawi zambiri amapeza kuti jeke ya kufakitale yafupika, ndipo kathabwa kochindikala koika pansi pake kamafunika kukhala m'galimoto mvula isanayambe.